Luso losanja maluwa: zimene mbiri yake yandiphunzitsa potumikira pa guwa ku Zomba

Ndikulembera makamaka amayi ndi abambo amene mphakati wawo, kapena bungwe lina la mumpingo, lawapatsa udindo wokongoletsa tchalitchi, pamene ndalama zogulira maluwa palibe ndipo sanaphunzitsidwepo ntchitoyi. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo udindo umenewu unandipeza nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito, pamene mayi wachikulire amene ankayang'anira maluwa m'tchalitchi chathu, kunja pang'ono kwa mzinda wa Zomba, anayamba kuvutika ndi maso. Nthawi imeneyo maluwa apulasitiki anali atalowa kale m'matchalitchi ambiri, ndipo akhristu anzanga ena ankati tisonkhe ndalama kamodzi, tigule apulasitikiwo, nkhani ithe. Maganizo awo anali omveka, pakuti apulasitiki safota ndipo safuna munthu wodzuka m'mamawa Loweruka lililonse. Chimene chinandipatsa mawu owayankhira, ndiponso mtima wokhazikika pa ntchitoyi, chinali kudziwa kumene luso limeneli linachokera. Anthu amene analikulitsa, m'maiko osiyanasiyana, ankatola zomera za pakhomo pawo m'nyengo yake, ndipo nthawi zonse ankadziwa amene akumukonzera, kaya ndi Mulungu, kaya ndi malemu, kaya ndi mlendo.

Anaphiri, monga tinkawatchulira mayi wachikulire uja, sanayambe ndi kundionetsa mitsuko ya pa guwa, koma nkhata ya maliro. Usiku wina tikuchezera pa siwa anandikodola kuti tipite kuseri kwa nyumba, kumene atsikana anali ataunjika nthambi za bougainvillea ndi masamba a mkungudza. Anang'amba nsungwi yaiwisi, anaipinda kukhala mkombero, anaimanga ndi luzi, kenaka anaikulunga ndi udzu wouma kuti maluwa apeze pogwira. Ankatenga timitolo ting'onoting'ono, masamba pansi maluwa pamwamba, ndipo kamtolo kalikonse ankakamanga mophimba mapesi a kamtolo kamene kangomangidwa kumene, tonse tikuloza mbali imodzi, mpaka mkombero wonse unatsekeka popanda luzi looneka. Maso anali atayamba kale kuchita khungu, choncho ntchito yambiri ankaigwira ndi zala. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, ukayamba kumanga usabwerere m'mbuyo, ndipo minga ya bougainvillea uyambe wasadza, chifukwa amene akaike nkhatayi pa manda ndi mwana wa malemu, ndipo manja ake akhala akunjenjemera."

Patapita nthawi ndinawerenga za manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene Howard Carter anawatulukira m'chaka cha 1922. Pamphumi pa bokosi la mfumuyo anapeza kankhata kakang'ono ka masamba a azitona ndi maluwa abuluu, kamene kanakhala mumdima zaka zoposa 3,000, ndipo m'kati munalinso mikanda ya m'khosi yosokedwa ndi masamba, maluwa ndi tizipatso pa gumbwa. Akatswiri a zomera atazindikira mitundu ya maluwawo anatha kunena kuti mfumuyo inaikidwa cha m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, chifukwa ndiyo nyengo imene maluwa amenewo amaphuka kumeneko. Mfundo imeneyi inandigwira mtima kwambiri: ngakhale mfumu ya dziko lolemera chotere inaperekezedwa ndi maluwa amene analipo mwezi umene inaikidwa. Zithunzi za m'manda a ku Egypt zimaonetsanso maluwa oikidwa m'miphika kuyambira zaka pafupifupi 2,500 Yesu asanabadwe, ndipo duwa limene ankalilemekeza koposa linali kakombo wabuluu, mbale wake wa amene timamuona m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Kakombo ameneyu ndi wokongola, koma amatseguka m'mawa n'kutseka dzuwa likapendeka, choncho ndi woyenera Misa yoyamba yokha.

Anthu a ku Greece ndi a ku Rome sankakonda kwambiri maluwa a mumtsuko. Luso lawo linali pa nkhata za kumutu ndi zingwe za masamba zopachika m'makachisi, ndipo wopambana pa masewera a ku Olympia ankavekedwa nkhata ya nthambi ya azitona basi, ndipo nkhata za masewera zotere ndi zimene Paulo ankaziganizira polembera Akorinto za korona amene amafota. Ifenso tili ndi chinenero chathu cha masamba, chimene mwana aliyense amachimva popanda womuphunzitsa: masamba aawisi oyalidwa pamsewu amauza woyendetsa galimoto kuti pali zovuta, ndipo chipata chomangidwa ndi kanjedza ndi makolo a nthochi chimauza aliyense kuti kukubwera Ambuye Episkopi kapena akwati. Choncho amene akuyamba kusanja maluwa asadzione ngati akulowa m'mwambo wa eni ake.

Kumene ndinaphunzira zambiri ndi ku mwambo wa ku Japan wotchedwa ikebana, ndipo ndinaudziwa kudzera mwa munthu, osati m'buku. Achinyamata odzipereka ochokera ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'Malawi kuyambira mu 1971, ndipo mmodzi wa iwo, mtsikana amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina yapafupi, anandipeza Loweruka lina la mwezi wa Seputembala ndili pakhonde la tchalitchi ndi ndowa yodzaza. Anakhala pansi pambali panga, anayang'ana m'ndowamo kwa nthawi, kenaka anapempha m'Chichewa chake chosamala kuti, "Amayi, mundipatseko zitatu zokha." Anasankha nthambi yopindika ya mombo imene inali ndi masamba anthete ofiira, tsamba limodzi lalitali la gladiolus, ndi duwa limodzi loyera la arum. Anadula kamtengo ka mphanda, anakapanikiza mopingasa pakamwa pa mtsuko, ndipo mapesi atatu aja anawalowetsa m'mphandamo kuti atuluke m'madzi ali pamodzi ngati akuchokera pa tsinde limodzi. Nthambi ya mombo anaitembenuza pang'onopang'ono m'manja, akuiyang'ana mbali zonse, mpaka anapeza mbali imene masamba ake ankaoneka kuti akufuna dzuwa, ndipo anabudula tinthambi tiwiri timene tinkapingasana. Nthambiyo inatalika kamodzi ndi theka kuposa mtsuko, tsamba lija linafika magawo awiri mwa atatu a nthambiyo, ndipo duwa linakhala pansi, chakutsogolo. Pakati pa zitatuzo panali malo opanda kanthu, ndipo iye ananena kuti malo amenewo nawonso ndi mbali ya ntchito.

Luso limeneli linayambira pa guwa, monga mmene ntchito yanga inayambira. Chipembedzo cha Chibuda chinafika ku Japan kuchokera ku China kudzera ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo chinabwera ndi mwambo wopereka maluwa patsogolo pa fano la Buddha. Ansembe a pa kachisi wa Rokkakudo mumzinda wa Kyoto ndiwo anatchuka pa ntchitoyi, ndipo sukulu yawo, yotchedwa Ikenobo, ndiyo yakale koposa zonse ndipo ilipo mpaka lero. Zolembedwa za m'chaka cha 1462 zimasimba kuti wansembe wina, Ikenobo Senkei, anasanja maluwa mumtsuko wagolide mwaluso lotere moti anthu a mu Kyoto anakhamukira kukaona. Kasanjidwe ka maluwa ka nthawi imeneyo, kotchedwa rikka, kanakula kukhala kaulemerero, ka nthambi zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri, pambuyo pake zisanu ndi zinayi, zoimira mapiri, mathithi ndi midzi, moti mtsuko umodzi unkanyamula chithunzi cha dziko lonse. Kenaka kunabwera Sen no Rikyu, mphunzitsi wa mwambo wa tiyi amene anamwalira mu 1591, amene anaphunzitsa zosiyana: duwa limodzi kapena awiri m'chigubu cha nsungwi, ooneka monga amaonekera kuthengo. Pali nkhani imene imasimbidwa yoti wolamulira dziko, Hideyoshi, anamva kuti munda wa Rikyu wadzaza maluwa a morning glory ndipo anapita kukauona, koma anapeza onse atadulidwa, kupatula limodzi lokha limene linali m'chipinda chomwera tiyi. Ine sindingadule munda wonse chifukwa cha mlendo mmodzi, koma ndimamva chimene ankafuna kuphunzitsa, chifukwa ndaona ndi maso anga kuti akhristu amayang'anitsitsa duwa limodzi loikidwa bwino pamene mulu wa maluwa amangoudutsa.

Masanjidwe a mapesi atatu amene mtsikana uja anandionetsa anakhazikika pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1700, ndipo ambiri amawafotokoza kuti amaimira kumwamba, munthu ndi dziko lapansi. Maluwa a ku Ulaya atalowa m'Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Ohara Unshin anayambitsa moribana, kusanja m'mbale yosazama, kuti maluwa aafupi achilendowo apeze malo, ndipo mu 1927 Teshigahara Sofu anakhazikitsa sukulu ya Sogetsu, imene imaphunzitsa kuti munthu aliyense angathe kusanja maluwa paliponse ndi chilichonse chimene ali nacho. Ndifuna abambo a m'mipingo yathu amve ichi: kwa zaka mazana ambiri ikebana inali ntchito ya amuna, ya ansembe ndi ankhondo, ndipo inafala pakati pa akazi pamene inalowa m'maphunziro a atsikana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mnyamata wotumikira pa guwa amene ali ndi diso la ntchitoyi asabwezedwe ponena kuti ndi za amayi.

Phunziro la ku Japan linandithandiza kumvetsa malamulo a Mpingo wathu wa Katolika, amene poyamba anthu ena amawaona ngati otchinga. Malangizo a Misa amati maluwa akhale apakatikati, ndipo aikidwe mozungulira guwa osati pamwamba pake. Amati m'nyengo ya Adiventi achepe, ndipo m'nyengo ya Lenti guwa lisakongoletsedwe ndi maluwa, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zikondwerero. Kwathu kuno Lenti imagwa nthawi imene minda yadzaza maluwa chifukwa cha mvula, ndipo pamafunika kudziletsa kuti munthu asawatenge. Koma tchalitchi chikakhala chopanda duwa milungu yonseyo, usiku wa Pasaka anthu amaona maluwa ngati akuwaona koyamba, ndipo ana amatambasula makosi. Maluwa apulasitiki sangachite zimenezi, chifukwa amene akhala pamalo amodzi chaka chonse diso limaleka kuwaona. Yankho limeneli ndi limene ndinapereka pa msonkhano wa mphakati, ndipo Bambo Mfumu anagwirizana nalo, ngakhale kuti apulasitiki ochepa tinawasunga m'kabati kuti azithandiza mlungu umene wosanja wadwala.

Mbiri ya ku Ulaya inandithandiza pa vuto lina, la maukwati. Masiku ano mayi wa mkwatibwi amabwera ndi chithunzi pa foni, chimene mwana wake wachipeza pa Facebook kapena WhatsApp, ndipo amati, "Amayi, mwanayu akufuna zotere." M'chithunzimo mumakhala ma tulip ndi ma peony, maluwa amene amafuna nyengo yozizira kwambiri kuti aphuke ndipo sangachite bwino m'minda yathu. Chilakolako chotere si chatsopano. Tulip inafika kumadzulo kwa Ulaya kuchokera ku Turkey, ndipo katswiri wa zomera Carolus Clusius atafika ku Leiden, m'dziko la Netherlands, mu 1593 anaibzala m'munda wa yunivesite. Patangopita zaka makumi anayi, anthu a ku Netherlands anali kugulitsana mizu yake pa mitengo yofanana ndi ya nyumba, mpaka malondawo anagwa mwadzidzidzi mu Febuluwale 1637. M'zaka zomwezo ojambula monga Ambrosius Bosschaert, ndi pambuyo pake Rachel Ruysch, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1664 mpaka 1750, ankajambula mitsuko yosefukira ndi maluwa amitundumitundu. Zithunzi zimenezo ndizo zinaumba maganizo a anthu ambiri a mmene mtsuko wa maluwa uyenera kuonekera, koma mitsuko yambiri yotero sinaimepo patebulo, chifukwa wojambula ankaika pamodzi maluwa ophuka m'miyezi yosiyana, ena akuwatenga pa zojambula zake zakale. Ndikafotokozera mayi wa mkwatibwi zimenezi, ndimamupempha kuti andiuze chimene mwana wake wakonda m'chithunzimo, kaya ndi mtundu woyera, kaya ndi kudzaza kwake, kaya ndi kulendewera kwa masamba, ndipo zimenezo timazipeza ndi maluwa a kuno. Amene akufunabe marozi ogula ndimamuuza moona kuti ndalama zake zikonzeke, pakuti malonda a marozi ndi a dziko lonse: ambiri olimidwa m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya amakwera ndege kupita ku msika wa Aalsmeer ku Netherlands, ndipo mitengo yake siganizira thumba la munthu wa ku Chinamwali.

Munthu wa m'mbiri amene ndimamumva kukhala pafupi nane ndi Constance Spry wa ku England, amene anabadwa mu 1886 ndi kumwalira mu 1960. Iyenso anali mphunzitsi, ndipo anatsegula sitolo yake ya maluwa ku London mu 1929 ali ndi zaka zoposa makumi anayi. Anadabwitsa anthu olemera poika m'mitsuko yawo masamba a ndiwo monga kale, nthambi za m'mipanda ya kumudzi, njere zouma ndi udzu, ndipo chotengera chilichonse cha m'khitchini chimene chinali ndi maonekedwe abwino ankachiyesa mtsuko. Ena ankamuseka, koma mu 1953 ndiye anapatsidwa ntchito yoyang'anira maluwa pa mwambo wolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth II. Akuluakulu athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nditadziwa za mayi ameneyu ndinayamba kuika pa guwa ngala za mapira ndi mchewere pa Lamulungu la masika, masamba ofiirira a nsatsi, ndi maluwa a udzu wa m'mbali mwa msewu wa ku Domasi amene amawala dzuwa likawaomba mu Epulo. Agogo ena aamuna anaima nthawi yaitali patsogolo pa mtsuko wa mapira Misa itatha, ndipo anandiuza kuti sanaganizepo kuti chakudya cha makolo awo chingaime pafupi ndi guwa.

Pa nkhani ya chogwiriziza mapesi, ambiri amaganiza kuti popanda chinkhupule chobiriwira chimene ogulitsa amachitcha oasis palibe chingachitike. Chinkhupulecho ndi cha dzulodzuloli: anachipanga Vernon Smithers ku Ohio, m'dziko la America, mu 1954, pamene luso losanja maluwa linali ndi zaka zikwi zingapo. Ndi pulasitiki, chimagwira ntchito bwino kamodzi kokha, ndipo chimanyenyeka kukhala tizidutswa tosawola timene timatsukidwira m'ngalande n'kukathera mumtsinje wa Likangala. Bungwe la za maluwa la ku Britain, la Royal Horticultural Society, linachiletsa pa zionetsero zake, kuphatikizapo cha ku Chelsea, kuyambira mu 2021. Spry ankagwiritsa ntchito waya wa khola la nkhuku, ndipo ndi umene ndimagwiritsa ntchito inenso: ndimadula kachidutswa, ndimakafwinya momasuka kuti kakhale ndi magawo awiri kapena atatu a maso, ndimakalowetsa mumtsuko, ndipo nsonga zake ndimazikola pamilomo pa mtsukowo kuti kasagwedezeke. Waya mmodzi amatha zaka. M'mbale yosazama miyala ya mumtsinje imagwira bwino, ndipo kamtengo ka mphanda kaja sikagulidwa. Mtsuko wadothi wa kumsika, umene ndimaukonda koposa galasi, umachucha pang'onopang'ono n'kudetsa nsalu, choncho ndimabisa m'kati mwake chitini kapena botolo lodulidwa pakamwa, ndipo madzi amakhala m'menemo.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapha maluwa msanga kuposa china chilichonse, ndipo apa m'pamene oyamba kumene amataya mtima. Maluwa adulidwe m'mamawa mame asanaume kapena madzulo dzuwa litapepa, ndipo wodula ayende ndi ndowa ya madzi kuti phesi lililonse lilowe m'madzi pomwepo. Phesi lidulidwe mopendeka ndi mpeni wakuthwa, masamba onse amene angamire m'madzi achotsedwe chifukwa akawola ndiwo amanunkhitsa madzi ndi kutseka njira za m'phesi, ndipo ndowayo ikhale pamthunzi maola angapo, kapena usiku wonse, ntchito yosanja isanayambe. Pa lita imodzi ya madzi ndimathira supuni yaing'ono ya shuga ndi madontho ochepa a Jik, shuga kuti adyetse duwa, Jik kuti aphe tizilombo. Poinsettia, amene amafiira m'mipanda ya Zomba mu Juni ndi Julayi, ali ndi utomoni woyera umene umatseka phesi, choncho nsonga yodulidwayo ndimaiviika m'madzi owira kwa kamphindi ndisanaiike m'madzi ozizira. Hydrangea ikafota imatsitsimuka ikamizidwa yonse, mutu womwe, m'beseni. Deliya, amene amachita chikasu m'mbali mwa misewu mvula ikamatha, amakopa maso koma amazyolika msanga, ndipo maluwa a jacaranda amayoyoka Misa isanathe. Ndiponso mitsuko isasungidwe pamodzi ndi nthochi kapena mapeyala a chopereka, chifukwa zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umakalambitsa maluwa. Chenjezo lalikulu ndi la flame lily, duwa lofiira ndi lachikasu limene limayanga m'tchire nthawi ya dzinja: mbali zake zonse ndi zapoizoni, makamaka muzu wake umene mwana angauyese mbatata, choncho wogwira asambe m'manja ndipo zotsala zisatayidwe pamene ana amasewera. Chimodzimodzi oleander.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene ena alibe. Munda wa zomera umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, m'nthawi ya Harry Johnston, ngati malo oyeserapo mbewu, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, uli ndi dzina la Whyte m'dzina lake la sayansi. Kuyambira mu 1987 mundawu uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, ndipo aliyense wofuna kuphunzira maonekedwe a nthambi ndi masamba apite akayende m'menemo ndi maso, osati ndi mpeni. Popeza mzinda uno unali likulu la dziko mpaka mu 1975, minda ya nyumba zakale za boma inasiya zomera zambiri zochokera kutali: bougainvillea ndi jacaranda kwawo ndi ku South America, poinsettia kwawo ndi ku Mexico. Koma ulendo wa maluwa sunali wa mbali imodzi. Arum, agapanthus ndi strelitzia, zimene lero zili m'masitolo a maluwa a ku Ulaya, kwawo ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo gladiolus wakuthengo wofiirira amene amaphuka m'minda yathu nthawi ya dzinja ndi mmodzi mwa makolo a gladiolus wamkulu wa m'masitolo. Paphiri la Zomba pali maluwa a orchid amitundu yambiri, ndipo ndikupempha ndi mtima wonse kuti asazulidwe. Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, lavutika kale ndi moto ndi kudula mitengo, ndipo orchid yozulidwa kumeneko kawirikawiri imafa ikafika m'munsi muno motentha.

Njira imene yatithandiza kuti tisamadalire kupempha m'mipanda ya anthu ndi kukhala ndi kamunda kathu kuseri kwa tchalitchi, pamalo pamene madzi a padenga amagwera. Tinayamba ndi masamba, chifukwa mumtsuko wabwino masamba ndiwo amachuluka: fern pamthunzi, mkungudza m'malire, ndi kanjedza mmodzi wa Lamulungu la Kanjedza. Mizu ya canna, dahlia ndi gladiolus timaibzala ndi mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala, ndipo njere za zinnia ndi mpendadzuwa timafesa kawiri, motalikitsa milungu ingapo, kuti ena aphuke pa Pasaka ngakhale Pasaka atachedwa. Arum amafuna malo onyowa, choncho ali pafupi ndi mpopi, ndipo agapanthus timaugawa mizu ukamaliza kuphuka n'kupatsako nthambi zina za parishi. Mphakati uliwonse uli ndi mlungu wake wothirira m'chilimwe, ndipo amene wathirira ndiye amasanja Loweruka limenelo, pamodzi ndi wachinyamata mmodzi woti aziphunzira. Amene alibe malo otere angayambe ndi zitini zisanu za geranium pakhonde ndi mpanda umodzi wa bougainvillea, umene umamera kuchokera ku nthambi yodulidwa ndipo umaphuka kwambiri m'miyezi imene maluwa ena onse auma.